MBIRI YA A DOTOLO ROBERT LAWS, MMISIRI WA MATABWA AMENE ANAKHALA NAFE PA BANDAWE

Amayi anzathu a Umanyano pamodzi ndi mabanja anu, pa chikondwerero chathu chino tinagwirizana kuti m'kabuku muno mukhalenso mbiri ya munthu mmodzi mwa anthu amene anayamba ntchito kuno ku Bandawe, ndipo tinasankha a Dotolo Robert Laws. Dzina lawo palibe amene salidziwa, ngakhale ana athu amalilemba pa mayeso. Koma ambirife tikalimva timangoona nkhalamba ya ndevu zoyera ya ku Khondowe, ngati kuti inabadwa ili nkhalamba kale. Timaiwala kuti anali mwana wa munthu, anakula pang'onopang'ono monga mmene timakulira tonsefe, ndipo zaka zimene zinawaumba kwambiri ndi zimene anakhala pa gombe lathu lino kuyambira m'chaka cha 1881.

A Laws anabadwa pa 28 Meyi 1851 mu mzinda wa Aberdeen, m'dziko la Scotland. Bambo awo, amenenso dzina lawo linali Robert, anali mmisiri wa matabwa wokhoma mipando, matebulo ndi makabati. Mayi awo anamwalira mwanayo ali ndi zaka ziwiri zokha. Pakhomo panalibe chuma, kotero akadali mnyamata anayamba kuphunzira ntchito ya bambo awo. Usana ankapala matabwa, madzulo nkumapita ku sukulu ya usiku. Pa nthawi imeneyo anawerenga buku la maulendo a David Livingstone, ndipo mtima wao unakhala pa anthu a mtundu wa Amakololo amene anayenda ndi Livingstone. Kuchokera pamenepo anatsimikiza kuti adzabwera ku Africa, ngakhale kuti analibe ndalama, analibe maphunziro okwanira, ndipo analibe wowatuma.

Njira imene anadzera inali yaitali. Analowa pa yunivesite ya Aberdeen namaliza digiri yawo yoyamba mu 1872. Kenaka anaphunzira zaubusa ku Edinburgh, ndi zaudotolo ku Glasgow ndi ku Aberdeen, zonsezi mopiringizana. Kuti apeze chakudya ndi fizi, ankagwira ntchito ya bungwe la Glasgow City Mission yoyendera odwala nthomba ndi matenda ena opatsirana m'zipatala zimene anthu ambiri ankaopa kulowamo. M'chaka cha 1875 anamaliza udotolo ndipo anadzozedwa ubusa.

Ife tikuona kuti pa ntchito zitatuzi, ya matabwa ndi imene inakhazikika kwambiri m'mtima mwawo. Mmisiri wa matabwa sapupuluma. Thabwa laliwisi salikhomera chitseko, amayamba waliimika pamthunzi kuti liume, pakuti akafulumira chitseko chimapindika. Khalidwe limeneli a Laws anabwera nalo kuno. Linawathandiza kupirira pamene anzawo ambiri anagwa mphwayi, koma muona kutsogoloku kuti linawalakwitsanso.

David Livingstone atamwalira mu 1873, mpingo wa Free Church of Scotland unaganiza zoyambitsa mishoni pa nyanja yathu ino pokumbukira dzina lake, ndipo unaitcha Livingstonia. A Laws anali a mpingo wina wa United Presbyterian, choncho anachita kubwerekedwa. Gulu linanyamuka ku London mu Meyi 1875, mtsogoleri wake ali E. D. Young, msilikali wa pamadzi. Mbusa anali a Laws okha, ena anali amisiri a matabwa, a zitsulo, a injini ndi a zaulimi. Ananyamula sitima yaing'ono yotchedwa Ilala ili zidutswazidutswa, naimanga pa mathiriro a mtsinje wa Zambezi. Atakwera Shire nkufika pa mathithi anaimasulanso, ndipo mafumu a Amakololo anapereka anthu mazanamazana amene anasenza zitsulozo pamutu, kudutsa m'miyala dzuwa likuswa mtengo, popanda kutaya kanthu. Maina a amtengatenga amenewa sanalowe m'mabuku a sukulu, koma popanda iwo sitimayo ikanatsalira kumunsi kwa mathithi. Ilala inalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, a Laws ali ndi zaka 24. Ilala imene tikuidziwa ife, yoima pa Nkhata Bay ija, inayamba kuyenda mu 1951 ndipo inatengera dzina la yoyambayo.

Anakhazikika ku Cape Maclear, m'dziko la mfumu Mponda. Kumeneko mu 1876 a Laws anachita opareshoni atamgoneka wodwala ndi mankhwala otchedwa chloroform, ndipo anthu anazizwa kuona munthu akung'ambidwa osamva ululu, kenaka nkudzuka. Chakumapeto kwa 1877 utsogoleri wa mishoni unagwera iwo. Koma malowo sanawayanje. Malungo anatenga a Dotolo William Black mu 1877, ndipo chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Ngunana, mmodzi mwa alaliki anayi achikuda amene anabwera kuchokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Ena anatsatira. Munthu woyamba kubatizidwa anali Albert Namalambe, pa 27 Malichi 1881. Taganizani, amayi, zaka zoposa zisanu, manda asanu, wobatizidwa mmodzi. Ife tikapita kukachalichi kumudzi kawiri katatu osapeza anthu timayamba kale kunyinyirika.

M'zaka zomwezo anakwatira. Mayi Margaret Gray anadziwana nawo ku Sande Sukulu ku Aberdeen, ndipo anadikira zaka zinayi bwenzi lawo lili kutali, makalata akutenga miyezi kuti afike. Anabwera kudzera pa Zambezi ndi Shire, ndipo ukwati unadalitsidwa ku Blantyre pa 28 Ogasiti 1879.

Mishoni inasamukira kuno ku Bandawe mu 1881, itayamba yayesa malowa kuyambira 1878. Albert Namalambe ndiye anatsala kuyang'anira ntchito ya ku Cape Maclear. Makolo athu Atonga nthawi imeneyo sanali kukhala momwazikana monga tikhalira lero. Ambiri anali atangothawa kumene m'manja mwa Angoni a kumapiri, ndipo anaunjikana m'malinga m'mbali mwa nyanja, a Mankhambira cha ku Chintheche, a Marenga kuno ku Bandawe, kuyembekezera nkhondo nthawi iliyonse. Mafumu analandira azunguwo ndi manja awiri, ndipo tisabise, chimene ankafuna poyamba si uthenga ayi, koma mfuti ndi bwenzi lamphamvu lowathandiza kulimbana ndi Angoni.

Apa ndi pamene tikuona munthuyu akukula. Ku Cape Maclear amishoni ankakhala ngati mafumu, ankaweruza milandu ndi kupereka zilango kwa anthu okhala pa mishoni. Ku Blantyre mchitidwe wotere unafika poipa, anthu ankakwapulidwa koopsa, nkhani inamveka mpaka ku Britain, ndipo amishoni ena anachotsedwa ntchito mu 1881. Pofika ku Bandawe a Laws anasiya njira imeneyo. Milandu anaisiya m'manja mwa mafumu eni dziko, iwo natsala ndi sukulu, chipatala ndi guwa. Anakananso kutenga mbali pa nkhondo. Atonga anawinya kuti bwenzi lotani losathandiza pa nkhondo, ndipo Angoni anakwiya kuti mzunguyo wamanga pakati pa anthu amene iwo ankawayesa akapolo awo othawa. Munthu wa zaka 30, wokhala ndi mfuti ndi sitima, anthu akumukakamiza kuti akhale mfumu yawo, iye nkukana, si chinthu chimene timachiona kawirikawiri. Ambirife mpando waung'ono wa m'komiti umatikwera m'mutu.

M'malo mwa nkhondo a Laws anasankha kukwera mapiri kukaonana ndi Inkosi M'mbelwa, ndipo anakomana nayo koyamba mu 1879. Amene anatsegula khomo kwenikweni anali William Koyi, wa ku Lovedale uja, amene chilankhulo chake chinali chofanana ndi Chingoni. Iye anakhazikika ku Njuyu mu 1882 ndipo anamwalira komweko mu 1886. Chaka cha 1887 chinali choopsa kwambiri. Angoni anafuna kuti mishoni ichoke ku Bandawe, isamukire kwawo, kuti iwo atsikire kunyanja ndi nkhondo. Kuno anthu ankagona maso, ndipo mafumu ankaopa kuti azungu akwera Ilala nkuwasiya okha. Mu Okutobala a Laws anakweranso kumapiri, nakhala pa bwalo ndi M'mbelwa ndi nduna zake pamodzi ndi a Dotolo Walter Elmslie. Anakana kuwasiya Atonga, ndipo nkhondo yaikulu imene anthu ankaiopa sinatsike. Ena mwa ife amene tikuvala yunifolomu imodzi lero ndife zidzukulu za mbali zonse ziwiri.

Tsono tinene za kunyumba, pakuti mabuku ambiri amadumpha pamenepa. Mayi Laws anaima kasanu ndi katatu, koma mwana amene anakula ndi mmodzi yekha, Amelia Nyasa, wobadwira kuno ku Bandawe mu 1886. Ena asanu ndi awiri anapita padera kapena anangoona dzuwa pang'ono. Bambo wa ana amenewa anali dotolo wochiritsa anthu ena, koma akewo sanathe kuwapulumutsa. Amayi amene munataya mwana mukudziwa mmene nyumba imakhalira ziii pambuyo pake, ndipo mayiyu analibe mayi ake, kapena mchemwali, kapena apongozi oti amugwire dzanja. Komabe ankadzuka nkukaphunzitsa atsikana kuwerenga ndi kusoka. Ngakhale Amelia yemweyo sanamudyerere, pakuti akadali wamng'ono anakamusiya kwa abale ku Scotland kuti aphunzire, makolo nabwerera kuno. Anthu amene analemba za a Laws amati anali munthu wosalankhulalankhula, wa nkhope yolimba, amene ambiri ankamuopa. Ife tikawerenga za manda aang'onoang'ono amenewa sitidabwa kwambiri ndi kukhala chete kwawoko.

Pakati pa zonsezi manja awo sanali kupuma. Chinyanja anachiphunzira ku Cape Maclear mochita kufunsa ndi kulemba liwu limodzilimodzi. Anamasulira Chipangano Chatsopano chonse m'Chinyanja, ndipo chinasindikizidwa mu 1886. Mu 1894 linatuluka buku lawo lomasulira mawu a Chingerezi m'Chinyanja. Anayambanso kulemba Chitonga chathu, ntchito imene a MacAlpine, amene anafika ku Bandawe mu 1893, anadzaipitiriza. Munthu yemweyo m'mawa ankatsuka zilonda, masana kuyang'anira oumba njerwa, madzulo kuwerengera ndalama za mishoni ndi kulemba makalata. Luso lawo silinali la nyimbo kapena la kulalika mokoma. Linali loona chinthu chimene kulibe, nkuchiyeza, nkuchijambula pa pepala, kenaka nkuchimanga.

Sukulu Atonga anazilandira msanga, ana ankadzaza m'midzi yambiri. Koma ubatizo unachedwa. Atonga oyamba anabatizidwa mu 1889, patapita zaka zisanu ndi zitatu chifikire mishoni pa Bandawe, ndipo mmodzi mwa iwo anali Yuraia Chatonda Chirwa, amene anadzakhala dzanja lamanja la a Laws kwa zaka zambiri. Munthu ankayamba wakhala m'kalasi ya akumva, kenaka m'kalasi ya oyembekezera ubatizo, zaka zikupita, akuyesedwa mayendedwe ake. Thabwa linayenera kuyamba lauma.

Bandawe nayenso anali ndi malungo ake, monga manda a amishoni ku Old Bandawe akuchitira umboni. Chifukwa cha ichi a Laws anafunafuna malo ozizira oti amangepo sukulu yaikulu, ndipo mu 1894 anasankha Khondowe, pamwamba pa phiri loyang'ana nyanja. Sukuluyo inatchedwa Overtoun Institution potengera dzina la Lord Overtoun, mkulu wachuma wa ku Scotland amene ankapereka ndalama zambiri. Kumeneko ana ankaphunzira uphunzitsi, ubusa, ukalaliki, ntchito ya chipatala, ya matabwa, yomanga, yosindikiza mabuku ndi yotumiza mauthenga pa lamya. Madzi anafika m'mipope kuchokera kumapiri mu 1904, magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi anayaka mu 1905, msewu wa Gorodi wa makona 20 unasemedwa m'phiri, ndipo chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa mu 1911. Ana a kuno kwathu anapita ambiri, ndipo atamaliza anamwazikira ku Halale, ku Joni ndi kwina. Mmodzi mwa iwo ndi Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town, lomwe linadzakhala lalikulu koposa pakati pa anthu akuda a ku South Africa m'zaka zimenezo.

Koma pali nkhani imene sitingailambalale. A Laws anaphunzitsa anthu mpaka kufika pamwamba, koma anthuwo atakhwima anachedwa kuwapatsa udindo. Chitsanzo chowawa ndi Charles Domingo. Iyeyu anabwera ali kamwana kuchokera ku Quelimane mu 1881, atatengedwa ndi William Koyi, ndipo anakulira pakhomo pa a Laws penipeni. Anali wanzeru kwambiri, anakhala mphunzitsi pa Overtoun, anamaliza maphunziro a ubusa mu 1900, napatsidwa chilolezo cholalikira mu 1903. Kudzozedwa kokha kunalibe. Anadikira chaka ndi chaka akugwira ntchito pansi pa azungu amene ena anali ongofika kumene, mpaka mu 1908 anatopa nachoka mu mpingo. Mlanduwu si wa a Laws okha, pakuti zoterezi ankagamula ndi amishoni onse pamodzi, ndipo ena anali ouma mtima kuposa iwo. Komabe mtsogoleri anali iwo, ndipo mwanayo anali wa m'nyumba mwawo.

Chaka chomwecho cha 1908 anabwerera kuno Elliot Kenan Kamwana, Mtonga amene anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe nachoka mu 1901. Anabwera ndi chiphunzitso cha Watch Tower, ndipo ankabatiza anthu osawadikiritsa zaka, osafunsa ndalama. M'miyezi yowerengeka anthu oposa 9,000 a dera lino anabatizidwa kwa iye, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko mu 1909. Sitikunena za kulondola kapena kulakwa kwa chiphunzitso chake pano. Tikungoti anthu ochuluka chotere sakanathamangira kumadzi akanakhala kuti sanatope ndi kudikira pakhomo la mpingo wawo. Ife amayi a kunyanja tikudziwa kuti chinangwa cha kondowole chimafuna kuviikidwa masiku ake, ukachivuula msanga chimawawa. Koma tikudziwanso chimene chimachitika ukachiiwala m'madzi.

Abusa oyamba achikuda a Livingstonia anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 chifikire Ilala. Iwowa anali a Yesaya Zerenje Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa. Ngakhale a Mwasi omwewo, amene anatumikira ku Sanga, anadzachoka mu 1933 nayambitsa mpingo wawo, akudandaula za ulamuliro wa amishoni. Zimatidabwitsa kuti munthu amene anapatsidwa mishoni yonse ali ndi zaka 26 ankaona amuna a zaka 40 ngati sanakhwime. Mwina ndi mmene mtima wa munthu ulili. Amene anakuona ukukwawa amavutika kukhulupirira kuti tsopano ukhoza kusenza mtolo, ndipo ife tomwe timatero ndi ana athu, ndi akazi a ana athu, ndi atsikana amene amalowa m'bungwe lathu lino nkukhala zaka khumi akungotuma madzi osapatsidwa mpata woyendetsa msonkhano.

Tisawanamizire kuti sankafuna kuti anthu akuda atukuke. Pamene azungu ambiri a m'dziko muno ankati munthu wakuda amukwanira maphunziro a khasu, a Laws ankalimbikira maphunziro apamwamba. Analimbikitsanso anthu ophunzira kuti akhale ndi mabungwe olankhulirapo ndi boma, monga North Nyasa Native Association la mu 1912, m'mene munali a Levi Mumba, ndi West Nyasa Native Association la kuno kwathu la mu 1914. Mabungwe amenewa ndi ena mwa mizu ya Nyasaland African Congress ya mu 1944. Munthu yemweyo ankatsegula khomo ndi dzanja lina, dzanja lina atagwira chitseko.

Ulemu anaulandira wambiri. Mu 1908 anasankhidwa kukhala Modereta wa msonkhano waukulu wa United Free Church of Scotland. Kuyambira 1912 anakhala m'bwalo lopanga malamulo la Nyasaland. Mu 1924, pamene mapresibitale a Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga mpingo wa CCAP, Modereta woyamba wa Sinodi anali iwo, ndipo Nkhoma inadzalowa mu 1926. Koma zaka zomalizazi zinalinso ndi zowawa zake. Mayi Laws anamwalira ku Scotland mu 1921. Loto lawo lalikulu linali lakuti pa Khondowe pakhale koleji yonga yunivesite, koma akuluakulu a mpingo ku Scotland anaona kuti ndalama zipite ku sukulu za m'midzi, ndipo ntchitoyo inaima. Tsopano anali iwo amene ankauzidwa kuti nthawi sinakwane.

Anachoka m'dziko muno mu 1927, atatumikira zaka 52. Analemba buku la zokumbukira zawo lotchedwa Reminiscences of Livingstonia, limene linatuluka mu 1934, ndipo anamwalira ku London pa 6 Ogasiti chaka chomwecho ali ndi zaka 83. Anaikidwa kwawo ku Aberdeen, pa manda a tchalitchi cha St Machar. Amelia, mwana wa pa Bandawe uja, anathandiza asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pambuyo pake nakhala dotolo ngati bambo ake, ndipo anamwalira mu 1978. Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa ndi Sinodi yathu mu 2003, patapita zaka 69 a Laws atagona, ndipo nthambi yake ya pa Khondowe inapatsidwa dzina lawo.